“Mtembo mudzatenge, ine ndikhala pano”: mmene tinadwazikira bambo

Kwathu munthu wamkulu akadwala matenda aakulu, bwalo limakhalira panja. Ana, akuchimuna ndi akuchikazi amasonkhana pansi pa mtengo wa mango n'kumakambirana choti achite naye, mwini wake ali chigonere m'nyumba akungomva manong'onong'o. Si nkhanza ayi, timati tikumupepuza. Koma ine nditadwazika bambo anga mpaka tsiku lawo lomaliza, ndinaona kuti nkhani iliyonse imene tinaigamula iwo kulibe inabala mkangano, pomwe imene tinawafunsa eni ake inatha ndi mawu ochepa. Ndikulembera inu amene muli ndi kholo lodwala pakhomo, makamaka ngati madokotala anena kuti matendawo sachira.

Bambo anali telala. Kwawo kunali ku Phalombe, koma anakhala pachikamwini kwa mayi ku Chiradzulu zaka zoposa 40, ndipo nyumba yamalata imene tinakuliramo inachokera m'makina awo osokera. Vuto linayamba ndi mkodzo: kudzukadzuka usiku, kukodza modontheza. Anabisa, poti bambo wamkulu sauza mwana wake wamkazi zoterezi, mayi nawo anasunga pakamwa. Tinadziwa tsiku limene mkodzo unatsekekeratu. Kuchipatala anawaika paipi n'kutitumiza ku Blantyre, komwe atayeza magazi ndi kujambula anapeza khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, itafika kale m'mafupa a msana ndi m'chiuno. Abambo amene mukuwerenga, si vuto lililonse la mkodzo limene lili khansa. Kawirikawiri kachiwaloko kamangokula ndi ukalamba. Koma wosiyanitsa ndi dokotala, osati inu.

Zotsatirazo adokotala anauza ine ndi bambo aang'ono. Tisanatuluke n'komwe pageti, bambo aang'ono anali atagamula kale: “Achimwene asamve. Akamva afa ndi maganizo khansayo isanawaphe.” Achimwene anga a ku Johannesburg, amene ankatumiza ndalama za mayendedwe, anavomereza pa WhatsApp. Mwana wamkazi pakati pa amuna awiri otere mawu ake sapita patali. Tinabwerera kumudzi bambo akudziwa kuti ali ndi “vuto la chikhodzodzo”.

Chinsinsi chotere amachisenza ndi amene ali pambali pa bedi. Wa kutali safunsidwa mafunso. Wofunsidwa ndinali ine: “Iwe, paipiyi achotsa liti? Mayunifolomu a ana asukulu akundidikira.” Posakhalitsa anayamba kukamba zogulitsa mbuzi kuti akaonane ndi sing'anga wina wa kutsidya kwa malire. Munthu wosadziwa chimene akudwala amathera chuma ndi mphamvu zake zotsala posaka mankhwala a matenda amene alibe.

Chinatithandiza ndi kiliniki ya palliative care. Kumeneko kumakhala anamwino ndi madokotala amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu ndi mavuto ena a odwala matenda osachiritsika, komanso kulangiza owadwazika. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ku Namitete chipatala cha St Gabriel's chimagwiranso ntchitoyi, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi chipinda kapena tsiku lake. Funsani, musadikire kuuzidwa. Ena amaopa kupitako, amati n'kwa anthu amene madokotala awataya. Ife tikanapanda kupitako, bambo akanatha miyezi yawo yotsala akungobuula.

Anamwino amene tinawapeza anali mayi wachikulire ndithu. Ndinawanong'oneza pakhomo kuti akubanja akuti wodwala asauzidwe. Anandiyang'ana n'kuti, “Sindiwakakamiza kumva. Koma akandifunsa, sindiwanamiza.” Titalowa anakokera mpando wawo kufupi ndi bambo, osati ndi ine.

“Bambo, inuyo matendawa mukuwaona bwanji?”

Bambo anayang'ana pansi kanthawi. “Mayi, ine ndine telala. Thalauza ili ndalibweza m'chiuno kawiri ndi manja angawa. Chikhodzodzo chokha sichiondetsa munthu chonchi.”

“Ndikufotokozereni inuyo, kapena ndifotokozere mwana wanuyu?”

“Uzani ine. Thupi ndi langa.”

Anawafotokozera pang'onopang'ono, akumaima kuti bambo afunse. Sanatchule miyezi kapena masiku, poti palibe amene amawadziwa. Ananena kuti khansayo sichoka, koma ululu angathe kuugonjetsa, ndipo sawasiya okha.

Anamwinowo sanachite zimenezi chifukwa chouma mtima. Ndi mmene ntchito yawo imafunira. Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira ali ndi ufulu wodziwa matenda ake, wovomera chithandizo, ndi wochikana. Alinso ndi ufulu wonena kuti “sindifuna kumva, uzani ana anga”, ndipo akatero pasapezeke womukakamiza. Ukalamba suchotsa ufulu umenewu. Gadiyani amayankhira wodwala pokhapokha wodwalayo akafika posatha kumva ndi kusankha, ndipo ngakhale pamenepo, chofunsa n'chakuti iwowa akanafuna chiyani, osati ife tikufuna chiyani. Kulipira minibasi sikusandutsa munthu kukhala mwini thupi la mnzake.

Bambo sanafe ndi maganizo. Anakhala duu masiku angapo, kenako m'mawa wina anaitanitsa kope ndi cholembera, n'kuyamba kutchula amene anali nawo ngongole ndi amene anasiya nsalu zawo zisanasokedwe. Za mbuzi ndi sing'anga sanazitchulenso.

Kukiliniki anatipatsa mankhwala amphamvu oletsa ululu otchedwa mofini wamadzi m'botolo, ndi sirinji yopanda singano yoyezera. Mofiniyo anabweretsa phokoso lake. Ena pamudzi ankati amenewo ndi mankhwala omalizitsa munthu, ena ankati bambo azolowera ngati wachamba. Sizili choncho mukamatsata muyezo umene mwapatsidwa. Mofini wamadzi amagwira pafupifupi maola anayi, n'chifukwa chake amamwedwa potsata wotchi, osati kudikira kuti wodwala ayambe wabuula. Ife tinkawapatsa 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, ndipo 10 koloko usiku muyezo wowirikiza monga anatilangizira anamwino, kuti agone mpaka kucha. Masiku oyamba ankawodzera ndi kumva nseru, koma zinatha zokha. Chosatha ndi kudzimbidwa. Womwa mofini amadzimbidwa basi, ndiye musachoke kuchipatala opanda mankhwala ofewetsa m'mimba. Ife tinkawonjezera papaya wakupsa ndi madzi akumwa pafupipafupi. Ululu ukakula musakweze muyezo nokha, imbirani anamwino, ndipo musawasiyitse mwadzidzidzi. Botolo lizikhala pokhoma, kutali ndi zidzukulu. Mukatenge lina ili lisanathe, chifukwa ife ulendo wina tinapeza mofini atatha ndipo tinachita kukamusaka kwina.

Pasanapite nthawi bambo anayamba kukhala tsonga pakhonde, akumvera mpira pa wailesi ndi kukangana ndi anzawo za Bullets ndi Wanderers. Onena za mankhwala omalizitsa aja anasowa chonena.

Mkangano waukulu unali wa malo. Kwathu mkamwini akadwala kwambiri, abale ake amabwera kudzamutenga kuti akathere kwawo. Mwambowu uli ndi zifukwa zake, sindiunyoza. Akuchikazi amaopa kudzanenedwa kuti anamulekerera kapena anamudyetsa kanthu, akuchimuna amaopa kudzanenedwa kuti anataya m'bale wawo. Bambo aang'ono ndi azakhali anafika ndi galimoto yahayala, matiresi atayala kale kumbuyo. Ankhoswa a mbali zonse ziwiri anakhala pansi panja, mayi ali m'khitchini akulira, poti ndi mawondo awo otupawo ankadziwa kuti ku Phalombe sakakhalitsako. Ndinagwada kwa ankhoswa athu n'kupempha chinthu chimodzi chokha: kuti nkhaniyo akaikambire m'nyumba, pamaso pa mwini wake.

Bambo anamvetsera onse mpaka anamaliza. Kenako anati, “Ndamva. Inu ndinu abale anga, sindikukukanani. Koma nyumba ino ndinamanga ndine, ndipo wodziwa mmene ndimafunira phala ndi amake anawa. Mtembo mudzatenge, mukauike pafupi ndi amayi. Ine ndikadali moyo, ndikhala pano.”

Ndikanalankhula ine mawu amenewo, kapena mayi, ukanakhala mlandu wosatha. Poti analankhula okha, panalibe woyankha. Ankhoswa anawonjezera nzeru imene ndikuipereka kwa aliyense amene ali pavuto lotere: wina wakuchimuna atsale azidwazika nawo. Anatsala azakhali ndi mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, amene bambo anamuphunzitsa kusoka. Kuyambira tsikulo chilichonse cholowa m'kamwa mwa bambo azakhali ankachiona, ndipo mphekesera zinasowa polowera.

Kutsala kwa msuweniyo kunathetsanso vuto limene ambiri amachita nalo manyazi kulitchula. Mwana wamkazi sasambitsa bambo ake. Ndikanatha kulimba mtima n'kutero, koma bambo akanamva kuti avulidwa ulemu wawo wonse. Tinawafunsa amene akufuna kuti aziwasamalira kuthupi, anatchula mayi ndi mnyamatayo. Anamwino anamuphunzitsa, ndipo ine ntchito yanga inali mankhwala, chakudya ndi kuchapa.

Bambo atafika pongogona, chimene tinkalimbana nacho ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Zimayamba pamene fupa layandikira khungu: kumapeto kwa msana, m'mbali mwa chiuno, m'zidendene, m'mapewa. Poyamba pamangofiira kapena kuda kuposa khungu lozungulira, mwina pamatentha. Mukapaona musapatikite, ingochotsanipo kulemera. Wodwala atembenuzidwe pakatha maola awiri alionse, pilo akhale pakati pa mawondo, chitenje chopindidwa chikhale pansi pa miyendo kuti zidendene zisakhudze matiresi. Nsalu zogonera zikhale zouma ndi zopanda makwinya, pansi pake pulasitiki. Chilonda chikangotseguka pa munthu woonda chonchi, kupola kwake n'kovuta, ndiye bola kutopa ndi kutembenuza. Mafupa amene khansa yalowamo amathyoka msanga: musamukoke dzanja, mutembenuzeni anthu awiri pogwira nsalu imene wagonera. Thumba la mkodzo likhale pansi kuposa chiuno nthawi zonse, ndipo paipi izikasinthidwa pa tsiku limene anakulemberani. Chinthu china chimene anamwino anatibwerezera n'chakuti miyendo ikayamba mwadzidzidzi kufooka kapena kuchita dzanzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina khansa yapanikiza mtsempha wa mumsana.

Wodwazika nayenso ndi munthu. Gawanani usiku, ndipo a kumpingo akati abwere adzakhale naye masana, musakane. Kwa achimwene a kutali aja tinapempha kuti kuwonjezera pa ndalama aziimba foni madzulo n'kulankhula ndi bambo, osati kungofunsa ife mmene agonera.

Wilo, kalata yonena mmene chuma chawo chidzagawidwire, bambo anailemba mutu ukugwira bwino, ndipo nthawi yake ndi imeneyo, osati pamene munthu wayamba kusokonezeka. Anthu amaganiza kuti pamafunika loya ndi ndalama zambiri. Ayi. Malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, wilo imalembedwa papepala, mwini wake n'kusayina pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, mbonizo nazo n'kusayina. Sankhani mboni zimene sizilandira kanthu m'wiloyo. Ife tinaitana mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito. Lamulo lomweli limati kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, ndipo munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi amene ankadalira iye. Bambo analemba zochepa: makina osokera kwa msuweni wanga, njinga kwa bambo aang'ono, mbuzi ndi za m'nyumba kwa mayi. Minda sinalowemo poti ndi ya mbumba ya mayi.

Kenako unafika usiku umene unatiopsa tonse. Bambo anayamba kubwebweta, kuvula zovala, kukoka paipi, kuitana anthu amene anamwalira kalekale. Anakuwa mpaka anansi anamva. Kutacha, kumjigo kunali kutayamba kale nkhani yakuti akuulula anthu amene anawadya. Mawu amenewa si ochita nawo nthabwala m'dziko muno. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha agogo anayi powaganizira ufiti mtsikana wina ataphedwa ndi mphenzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, koma lamulo limafika mochedwa gulu likakwiya. Azakhali anapita okha kwa amfumu kukanena, ine ndinaimbira anamwino. Funso lawo loyamba linali lakuti, “M'thumba muli mkodzo?” Munalibe, ndipo chinena chinali chitatupa. Paipi inali itatsekeka. Ataisintha ndi kuwapatsa mankhwala a matenda a m'chikhodzodzo, bambo anabwerera mwakale, osakumbuka kanthu.

Munthu wokalamba akasokonezeka mwadzidzidzi, yambani mwaganiza za mkodzo wotsekeka, kudzimbidwa, kutentha thupi, ululu kapena mankhwala atsopano. Agogo ambiri amene amapezeka usiku ali maliseche pakhomo pa eni ake amakhala akudwala zotere, kapena matenda oiwalaiwala a ukalamba. Musawamange, musawakalipire. Yatsani nyali, pakhale munthu amene amamudziwa, azilankhula nawo motsitsa.

Tsiku lina ululu utakula, bambo anandigwira dzanja n'kuti, “Mwanawe, ingondipatsa botolo lonselo ndipumule.” Ndikulemba izi chifukwa ena mudzamva mawu omwewa ndipo mudzaopa kuuza munthu. Kuchotsa moyo wa wodwala, ngakhale atapempha yekha, ndi mlandu m'dziko muno, chimodzimodzi kumuthandiza kuti adziphe. Kupereka mofini pa muyezo wa kuchipatala kuti ululu uchepe n'chinthu china, n'chithandizo. Sindinawadzudzule, ndinangowafunsa chimene chawakulira. Unali ululu wa m'chiuno umene unkabwera nthawi ya mankhwala isanakwane, komanso nkhawa yakuti akutitopetsa. Anamwino anakweza muyezo, abusa anabwera kudzacheza nawo, ndipo mawuwo sanawabwerezenso.

Chakumapeto anayamba kukana chakudya. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasweka mtima, poti kwathu chikondi timachionetsa ndi mbale. Azakhali ankafuna kuwatsegula pakamwa ndi supuni, achimwene pafoni ankati tiwatengere kuchipatala akawaike diripi. Anamwino anatiuza kuti bambo sakufooka chifukwa chosadya. Asiya kudya chifukwa thupi likutseka ntchito zake. Phala lokakamiza limatsamwitsa n'kulowa m'mapapo, ndipo diripi pa nthawi imeneyi siwonjezera mphamvu, mwina imangotupitsa miyendo ndi kudzaza madzi m'chifuwa. Komabe sitinagamule tokha. Tinawafunsa bambo m'mawa, nthawi imene mutu unkakhala wowala. “Kuchipatala ndakhuta nako,” anatero. “Mundigoneke pansi m'wodi kuti chichitike n'chiyani?” Ndinaimbira achimwene kuti amve okha kuchokera pakamwa pa bambo. Kuyambira apo tinkangowapatsa chimene apempha, kaya thobwa pang'ono, kaya kachidutswa ka nthochi, atakhala tsonga. Atasiya kumeza tinkanyowetsa milomo ndi kansalu koyera n'kupakapo Vaseline, ndipo mofini tinkadontheza pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya monga anationetsera anamwino. Ululu sutha chifukwa chakuti munthu wasiya kulankhula. Yang'anani nkhope ikachita tsinya.

Zizindikiro za masiku otsiriza ndi bwino kuzidziwiratu kuti zisakudzidzimutseni. Munthu amagona nthawi yaitali, mkodzo umachepa n'kuda, mapazi ndi manja zimazizira. Kupuma kumasintha: amapuma mofulumira, n'kuima kanthawi, n'kuyambiranso. Pakhosi pamamveka kulira kwa makhololo, komwe kumasautsa omva kuposa mwini wake, mugonekeni chammbali. Ino ndiyo nthawi yoitana amene ayenera kubwera, osati mawa. Anamwino anatichenjeza kuti mwina akumva ngakhale sakuyankha, choncho za bokosi ndi za galimoto tinkakambira kutali. M'chipindamo munali mayi, azakhali ndi nyimbo za kumpingo. Bambo anatisiya m'bandakucha, m'nyumba yawo.

Tinadziwitsa amfumu a mbali zonse ziwiri, ndipo mtembo unapita ku Phalombe monga ananenera. Munthu akamwalirira pakhomo, imfa yake imalembetsedwa kudzera kwa amfumu kupita ku ofesi ya boma ya kalembera wa anthu (NRB) kwa a DC. Musazengereze, chifukwa kubanki ndi kwina kulikonse kumene malemu anali ndi kanthu adzafuna chikalata cha imfacho. Maliro atatha, mkulu wa mpingo uja anawerenga wilo pamaso pa mbumba zonse ziwiri. Wachibale wina anayamba kufunsa za malata a panyumba, koma bambo aang'ono anamudula okha: “Achimwene analemba. Simunamve?” Mofini wotsala sitinamusunge, ndiponso sitinapatse mnansi amene ankadandaula msana. Ndinamubweza kukiliniki pamodzi ndi sirinji yake, anamwino n'kulemba m'buku mwawo.